Mmene mungaunikire chigoba cha korali wamng'ono mpaka kudziwa banja lake

Kuno ku Zomba tilibe nyanja yamchere. Madzi a ku Chilwa amamveka kamchere akaphwera, koma korali, tinyama ta m'nyanja zamchere toumba zigoba za laimu, sangameremo, ndipo m'nyanja ya Malawi namonso mulibe. Komabe wophunzira sayansi ya zamoyo, kaya ku sekondale kaya ku Chirunga, amakumana m'buku ndi Cnidaria, gulu la nyama limene muli korali, n'kuloweza mayina a zinthu zimene sanazigwirepo. Zigoba zake zimapezeka ndithu: china chili m'kabati ya labotale ya sukulu, china chamatirira pa chigoba cha nkhono chimene wachibale anatola pagombe ku Nacala kapena ku Pemba. Anthu amachiyang'ana kamodzi, amvekere "ndi mwala wa kunyanja," basi n'kuchibwezera pashelefu.

Malangizowa sakunena za makorali akuluakulu omanga matanthwe amene timawaona pa TV. Akunena za timakorali tating'ono tomera m'matsango, tsango lonse lokwana m'dzanja kapena pa chala chachikulu, tobisala kunsi kwa miyala, m'mapanga, pa zipilala za madoko ndi pa zombo zomira. Ine ndimaona kuti timeneti ndi tabwino kwambiri kuphunzirirapo, chifukwa tinyumba take, timabowo tokhalamo tinyamato, timakhala tochepa, totalikirana, ndipo chilichonse chimawerengeka. Lamulo la ntchito yonseyi ndi lakuti muyambe mwalongosola zimene maso anu akuona, dzina libwere pomaliza.

Musanaitanitse chigoba kwa aliyense

Makorali onse amiyala, a gulu la Scleractinia, ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, limene dziko la Malawi linalowamo mu 1982. Kuwolotsa malire ndi chigoba cha korali, ngakhale chakufa, kumafuna chilolezo, ndipo kuno zilolezo zotere zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo osungira nyama. Choncho musatume amalume anu opita ku geni ku Dar es Salaam kuti akakuswereni korali pamwala. Gwiritsani ntchito chimene chilipo kale pasukulu kapena pakhomo. Ngati palibe, zithunzi zabwino za zigoba zili pa intaneti, ndipo masitepe ambiri a m'munsimu amatheka pa chithunzi chojambulidwa bwino kuchokera pamwamba.

1. Sonkhanitsani zida

Chofunika kwambiri ndi galasi lokulitsa zinthu ka 10, longa limene okonza mawotchi ndi mafoni amagwiritsa ntchito mumsika. Maikulosikopu ya maso awiri ikapezeka ndi mwayi, koma si yokakamiza. Mufunikanso rula ya mamilimita, pensulo yosongoka, pepala la graph, mswachi wakale wofewa, singano, viniga pang'ono, Jik, ndi tochi ya foni. Pansi pake yalani nsalu yakuda, chifukwa chigoba choyera pa pepala loyera chimatopetsa maso.

Tochi musaiwalitse kuchokera pamwamba. Iikeni chammbali, pafupi ndi tebulo, kuti kuwala kudutse mopendekeka. Mithunzi ndi imene imaonetsa timano ndi timizere. Mukawalitsa molunjika zonse zimangoyera mbee.

2. Tsimikizani kuti ndi korali wamiyala

Dontheza viniga pa ngodya ya kunsi, pamene simudzapafuna. Pakatuluka thovu ndiye kuti pali calcium carbonate. Mwala wa laimu wa ku Changalume nawo umachita chimodzimodzi, choncho thovu palokha silikuuzani kuti ndi korali. Langochotsa pulasitiki ndi miyala ina. Tsukani msanga ndi madzi. Chigoba cha korali wamiyala ndi cha aragonite, mtundu wa calcium carbonate wosachedwa kudyeka ndi asidi.

Kenako ikani galasi pa kabowo kamodzi. Funso ndi limodzi: kodi m'kati muli tizipupa topyapyala toima chilili, tochokera kukhoma kuloza pakati? Tizipupa timeneti mabuku amati septa, ndipo ndi chizindikiro chenicheni cha Scleractinia. Ngati mulibe, muli ndi china. Timapaipi tofiira tolumikizidwa ndi timasanja ndi Tubipora musica, wa gulu la makorali a timanja 8. Chigoba chosalala cha timabowo tonga tobayidwa ndi singano, topanda tizipupa, chingakhale Millepora. Tizipinda tating'onoting'ono tondandalikana mwadongosolo, tosakwana milimita, kawirikawiri ndi bryozoa, tinyama tina tokhala m'matsango. Kachulu kokhala ndi mbale zingapo zolumikizana, m'kati muli gwaa, ndi barnacle, m'bale wake wa nkhanu. Bryozoa ndi barnacle zimakonda kumera pa chigoba chimodzi cha nkhono pamodzi ndi korali amene mukumufunayo.

3. Tsukani, koma mosamala

Ngati pali fumbi lokha, madzi ndi mswachi zakwana. Mswachi uzingodutsa kunja. M'kati mwa tinyumba muzithiramo madzi, osakolopamo, chifukwa timano ta tizipupa tikathyoka mwataya umboni waukulu. Ngati patsalira mnofu wouma kapena ndere, viikani usiku umodzi m'madzi osakaniza ndi Jik, gawo limodzi la Jik pa magawo pafupifupi 10 a madzi, kenako tsukuluzani kangapo ndi kuyanika pamthunzi.

Jik ndi viniga zisakumane, ngakhale m'beseni lotayamo madzi. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo. Chitani za viniga tsiku lina, za Jik tsiku lina, pakhonde podutsa mphepo.

4. Dziwani kanyama kamene kanali pamenepo

Chigoba simungachimvetse ngati simukudziwa mwini wake. Kanyumba kalikonse kanali ndi kanyama kamodzi, polipu, m'bale wake wa Hydra wa m'madamu mwathu muno. Thupi lake ndi kathumba kofewa kokhala ndi khomo limodzi lokha pamwamba, lolowera chakudya ndi lotulukiranso zotsala. Pozungulira pakamwa pali timanja, ndipo pa timanjapo pali maselo oluma, okhala ndi kaulusi kaululu kopindidwa m'kati kamene kamafwamphuka kakakhudzidwa. Ndi timeneti polipu amagwirira tizilombo toyandama m'madzi, makamaka usiku. Khungu lake lili ndi mipanda iwiri ya maselo, wakunja ndi wam'kati, ndipo pakati pake pali kamnofu kotelera kotchedwa mesoglea.

M'mimba mwa polipu muli timakatani ta mnofu, mesentery, tolendewera tiwiritiwiri kuchokera kukhoma la thupi kuloza pakati. Timathandiza kugaya chakudya ndipo mazira ndi umuna zimapangika momwemo. Apa ndi pamene pali mfundo yofunika: chigoba sichili m'kati mwa nyama. Polipu amakhala pamwamba pake, ndipo khungu lake la kunsi ndi limene limatulutsa aragonite. Pakati pa timakatani tija khungulo limapindikira m'mwamba n'kuumba kachipupa. Ndiye mukamawerenga tizipupa, mukuwerenga dongosolo la thupi la nyama imene inafa kalekale. Nthawi zambiri pamwamba pa kachipupa kalikonse pamakhala kadzanja kamodzi.

Mayina oti muwagwire ndi ochepa. Chigoba chonse ndi corallum. Kanyumba ka polipu mmodzi ndi corallite. Kukamwa kwa kanyumbako, kolowa ngati kachikho, ndi calice. Khoma lozungulira ndi theca. Timizere totumphuka kunja kwa khoma, topitiriza tizipupa ta m'kati, ndi costae. Chomera pakatikati pa kachikho ndi columella. Chigoba chodzaza mpata wa pakati pa tinyumba ndi coenosteum. Ambiri mwa mayinawa anakhazikika m'zaka za m'ma 1800 kudzera mu ntchito ya akatswiri awiri a ku France, Henri Milne Edwards ndi Jules Haime, ndipo mudzaona mayina awo pambuyo pa mayina a makorali ambiri.

5. Onani mmene tinyumba talumikizirana

Ikani galasi pansi kaye, muyang'ane tsango lonse ndi maso okha. Makorali ambiri osamanga matanthwe amakhala payekhapayekha, kanyumba kamodzi basi. Athuwa amaphuka: polipu mmodzi amabala mnzake popanda dzira, onse n'kukhala olumikizana. Kaphukidwe kake kali pawiri. Ngati polipu wagawika m'kati mwa mkombero wa timanja take, mudzaona kachikho kotalika kokhala ndi malikulu awiri, kali m'kati mogawanika. Uku ndi kuphuka kwa intratentacular. Ngati mwana wamera kunja, pambali pa khoma kapena patali pang'ono, mudzaona kachikho kakang'ono kozungulira bwino pakati pa tikulutikulu. Uku ndi kwa extratentacular, ndipo ndiko kofala mwa timakorali tathuti.

Maonekedwe a tsango amene mukumane nawo kwambiri ndi otchedwa reptoid. Polipu amatulutsa kamsempha koyala pamwala, kutsogolo kwake n'kumera polipu wina, monga mmene kapinga amayalira pabwalo n'kumazika mizu apo ndi apo. Kamsempha kameneka, stolon, nthawi zina kamasiya kanjira kopyapyala ka laimu, nthawi zina sikasiya kanthu. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amaona tinyumba 15 tomwazikana pa chigoba cha nkhono, popanda cholumikiza, n'kulemba kuti ndi makorali 15 okhala paokha. Walitsani tochi chammbali muyang'ane pakati pa tinyumba. Kawirikawiri kanjira kaja kamaoneka ngati kachipsera koyera, kapena kakwiririka ndi ndere zolimba za pinki. Ngakhale kasaoneke, tinyumba tofanana, totalikirana mofanana, tating'ono tili kumphepete, ndi chizindikiro cha tsango limodzi.

Maonekedwe ena ndi osavuta. Tinyumba tikakhala ndi makoma akeake koma tomera pa chigoba chimodzi choyala, ndi plocoid. Tikapanikizana mpaka kugawana khoma, timakhala ndi ngodya, ndipo ndi cerioid. Tikatalika ngati timachubu toima moyandikana, tolumikizana kunsi kokha, ndi phaceloid. Tikapanga nthambi, ndi dendroid. Dziwani kuti tsango limodzi likhoza kukhala cerioid pakati, kumphepete n'kukhala reptoid. Lembani zonse ziwiri.

6. Khoma

Tsopano galasi pa khoma, chakunja. Pali mafunso awiri.

Loyamba: khomalo ndi lolimba lopanda mabowo, kapena ndi lobookabooka, lokhakhala? Ngati simukuona bwino, gwetsani kadontho ka madzi osakaniza ndi inki pang'ono kunja kwa khoma louma. Khoma lobooka limamwa msanga ndipo mtundu umatulukira m'kati. Lolimba limangousiya pamwamba. Khoma lobookabooka, lotchedwa synapticulotheca, pa korali wamng'ono wotere limaloza ku banja la Dendrophylliidae pafupifupi nthawi zonse. Pa mayeso onse a m'malangizo ano, amenewa ndi amene amadula njira kwambiri.

Lachiwiri: mizere ya pakhoma ikuyenda bwanji? Ikakhala yoima, kuchokera kukamwa kutsikira pansi, ndi costae, ndipo khomalo kawirikawiri linapangika ndi kunenepa kwa m'mphepete mwa tizipupa. Dzina lake septotheca. Ikakhala yopingasa, yozungulira kanyumba, yopyapyala ngati makwinya, ndi epitheca, kachikuto kamene polipu amakasiya akamakwera m'mwamba.

7. Werengani tizipupa

Pano khalani pansi bwinobwino, chifukwa ndi pamene pagona ntchito.

Sankhani kanyumba kakakulu, kosathyoka, ka pakati pa tsango. Ta kumphepete ndi tiana, sitinamalize kumera tizipupa. Yezani kukula kwa kachikho ndi rula kawiri, kumene kuli kotalika ndi kumene kuli kofupika, chifukwa tambiri si tozungulira kwenikweni. Chitani zimenezi pa tinyumba tosachepera 10 ngati tilipo, mulembe kakang'ono kwambiri ndi kakakulu kwambiri. Kenako gundanitsani kamera ya foni ndi galasi lija, mujambule kachikho kuchokera pamwamba penipeni, rula ikuoneka pambali. Kuwerengera pa chithunzi chokulitsidwa n'kosavuta kusiyana ndi kuwerengera pa chigoba, pamene diso limaiwala pomwe linayambira.

Tizipupa timamera m'mibadwo. Mbadwo woyamba, S1, uli ndi 6. Wachiwiri, S2, umawonjezera 6 pakati pa toyamba tija, zonse 12. Wachitatu umawonjezera 12, kukwana 24. Wachinayi 24, kukwana 48. Wachisanu 48, kukwana 96. Kawirikawiri mbadwo wakale ndi umene uli ndi tizipupa tatitali, tonenepa, tofika pafupi ndi pakati.

Musayambe ndi kuwerenga kuzungulira. Pezani kaye 6 tikulutikulu, muike kadontho pa kalikonse pachithunzi. Tagawa kachikho m'zigawo 6. Tengani chigawo chimodzi muwerenge zili pakati pa S1 awiri. Mukapeza 3, kakang'ono, kokulirapo, kakang'ono, ndiye kuti ndi S3, S2, S3, ndipo kachikho konse kali ndi 24. Mukapeza 7, dongosolo lake ndi S4, S3, S4, S2, S4, S3, S4, ndipo zonse ndi 48. Chitani chimodzimodzi m'zigawo zinazo. Musadabwe kupeza 3 m'chigawo china ndi 5 m'china. Mbadwo wachinayi umalowa tiwiritiwiri, kumbali zonse za S3 mmodzi, ndipo mwa timakorali tating'ono nthawi zambiri sumalizika. N'chifukwa chake mumapeza manambala ngati 28, 30 kapena 36. Lembani nambala imene mwaipeza, osati imene buku likufuna.

Nthawi zina S1 ndi S2 zimafanana kukula, moti mumaona tikulutikulu 12. Akatswiri amalemba mwachidule motere: S1–2>S3>S4, kutanthauza kuti mibadwo iwiri yoyamba ndi yofanana, ndipo imaposa wachitatu, umene umaposa wachinayi. Zolowerani kulemba choncho. Mukapeza tikulutikulu 10 kapena 8 m'malo mwa 6 kapena 12, simunalakwitse. Alipo makorali otero.

Mukatha kuwerenga, pendekani chigoba muyang'ane kachipupa kamodzi chammbali. Mphepete mwake, kuchokera pamwamba kutsikira pakati, ndi mosalala kapena muli timano? Kamatumphuka kupitirira khoma kapena kamathera m'munsi mwake? M'mbali mwake muli timatuza? Chenjerani ndi chigoba chotoledwa pamchenga. Mafunde amachipera mpaka timano tonse kutha, ndipo korali wa timano amaoneka ngati wosalala. Ngati m'mphepete mwa khoma mwabulungika ndipo tizipupa tafupika mofanana, yang'anani pansi penipeni pa kachikho pamene mchenga sunafike. Ngati napo paperepeseka, lembani kuti mphepete sizikuwerengeka.

Chomaliza pa tizipupa ndi mmene timakumanirana. Mwa makorali ambiri kakang'ono kamapindikira kwa kakakulu koyandikana nako n'kumatirira m'mbali mwake, monga S3 kumatirira pa S2. Zimenezo ndi zawamba. Koma pali dongosolo lina limene mukaliona kamodzi simuliiwala. Tizipupa tiwiri ta mbadwo womaliza, tinene S4, timatalika kuposa S3 amene ali pakati pawo, timapindikirana, n'kukumana kutsogolo kwake, kumutsekera m'kachipinda ka ngodya zitatu, kenako n'kupitirira pakati ngati kachipupa kamodzi. Kachikho konse kamaoneka ngati nyenyezi ya ngodya zosongoka. Limeneli ndi dongosolo la Pourtalès, lotchedwa ndi dzina la Louis François de Pourtalès, wobadwira ku Switzerland, amene anafufuza makorali a pansi pa nyanja kufupi ndi Florida m'zaka za m'ma 1860. Ndi chizindikiro cha mamembala ambiri a Dendrophylliidae.

8. Pakati pa kachikho

Columella ikhoza kukhala kamzati kamodzi kosongoka, kambale kopyapyala koima, mulu wa timitu tozungulira, chinthu chobookabooka chopotanapotana, kapena kusakhalapo n'komwe. Jambulani ndi pensulo zimene mwaona. Pakati pa columella ndi nsonga za tizipupa nthawi zina pamaima timizati tina topanga mkombero. Kamodzi ndi palus. Onani kuti taima kutsogolo kwa mbadwo uti. Mwa tinyumba tating'ono timizati timeneti timasakanikirana ndi timitu ta columella ndi timano ta m'munsi ta tizipupa, moti ngakhale akatswiri amavutika kulekanitsa. Singano imathandiza kuchotsa mchenga wotsekera pamenepo, koma muzikankha mchenga wokha.

9. Tsopano funani banja

Dzina la sayansi lili ndi mawu awiri, loyamba la genus, kagulu ka mitundu yapachibale m'kati mwa banja, lachiwiri la mtundu weniweniwo. Ndi galasi la m'manja cholinga chanu chikhale banja ndi genus.

Ngati khoma ndi lobookabooka, muli mu Dendrophylliidae. Tsango lowunjikana, tinyumba tokula pafupifupi sentimita imodzi, columella yobookabooka, tizipupa towongoka popanda dongosolo la Pourtalès mwa tinyumba tokhwima: ganizirani Tubastraea. Wodziwika kwambiri ndi Tubastraea coccinea, wa mtundu wa lalanje wowala akakhala moyo, wokonda mapanga ndi zitsulo za madoko. Kwawo ndi nyanja za India ndi Pacific, koma anapezeka ku Caribbean m'ma 1940, ndipo pofika m'ma 1980 anali pa nsanja zokumbira mafuta ku Brazil, kumene tsopano amalanda malo a makorali akumeneko. Ngati dongosolo la Pourtalès lilipo ndipo tsango lili ndi nthambi, yang'anani ku Dendrophyllia ndi abale ake.

Ngati khoma ndi lolimba, tinyumba tatifupi ta mamilimita ochepa, tsango loyala pamwala kapena pa chigoba, ndipo tizipupa tili ndi timano, mwafika pa kagulu kamene mabuku ambiri amakaika m'banja la Rhizangiidae, dzina limene Alcide d'Orbigny analipereka mu 1851. Muli Culicia, Astrangia, Oulangia ndi Cladangia. Awiri oyambawo ndi amene muyenera kuwalekanitsa. Culicia, amene James Dwight Dana anamutchula mu 1846, ali ndi tinyumba tonga timachubu todulidwa, tomwazikana mwa reptoid, tokutidwa ndi epitheca ya makwinya opingasa, ndipo tizipupa take sitikonda kutumphuka pamwamba pa khoma. Amapezeka m'nyanja za India ndi Pacific, kuphatikizapo magombe a South Africa, Australia ndi New Zealand. Pa chigoba chochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, ameneyu ndi woyamba kumuganizira. Astrangia, wa Milne Edwards ndi Haime mu 1848, ali ndi costae zoima pakhoma, tizipupa tonse ta timano, columella ya timitu, ndipo tinyumba take nthawi zambiri timalumikizidwa ndi chigoba chopyapyala choyala.

Ngati zonse zikufanana ndi zimenezi koma mphepete mwa tizipupa tikulutikulu ndi mosalala ndipo tatumphuka pamwamba pa khoma, pitani ku Caryophylliidae. Phyllangia ali kumeneko, ndi Polycyathus amene ali ndi mkombero wa timizati tija. Ngati tinyumba ndi tating'ono kwambiri, mamilimita awiri kapena kucheperapo, tizipupa tikulutikulu 10, pakati kamzati kamodzi kosongoka, ndi Madracis, wa banja la Pocilloporidae.

Mtundu wa nyama yamoyo musaudalire. Astrangia poculata, wa kugombe la kum'mawa kwa United States kuyambira ku Massachusetts mpaka ku Gulf of Mexico, ndi chitsanzo chabwino. Pa mwala umodzi tsango lina limakhala lofiirira, lina loyera, lina mbali yofiirira mbali yoyera. Kufiirirako ndi tindere ta selo imodzi, zooxanthellae, tokhala m'maselo a m'kati mwa polipu n'kumamupatsa chakudya chochokera ku dzuwa. Korali ameneyu amakhala bwinobwino ali nato kapena alibe, mosiyana ndi omanga matanthwe amene amafooka tikachoka. N'chifukwa chake ofufuza amamukonda, ndipo boma la Rhode Island linamusankha mu 2021 kukhala korali woimira dera lawo. Kale ankadziwika ndi mayina angapo, monga Astrangia danae ndi Astrangia astreiformis, mpaka mu 1988 pamene ofufuza anaonetsa kuti onsewo ndi mtundu umodzi wosinthasintha maonekedwe.

10. Musasokoneze kakhalidwe ndi ubale

Kusamanga matanthwe si banja. Mwaona kale kuti timakorali tathuti tamwazikana m'mabanja osachepera anayi. John W. Wells ndi amene anabweretsa mawu akuti hermatypic ndi ahermatypic mu 1933, omanga ndi osamanga, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankatenga kuti womanga ndi wokhala ndi tindere, wosamanga ndi wopanda. Helmut Schuhmacher ndi Helmut Zibrowius analemba mu 1985 kuti awa ndi mafunso osiyana. Korali wa m'madzi ozizira amene ankatchedwa Lophelia pertusa, pano Desmophyllum pertusum, alibe tindere ndipo amakhala mumdima, koma anamanga thanthwe la Røst ku Norway lotalika makilomita oposa 30. Madracis ali m'banja limodzi ndi Pocillopora, womanga matanthwe wotchuka. Mwa mitundu ya Scleractinia yamoyo lero, pafupifupi 1,500 kapena kupitirirapo pang'ono, pafupifupi theka ilibe tindere. Theka limeneli ndi limene mabuku a sukulu amalidumpha, ndipo zimandipweteka, chifukwa wophunzira amatuluka akuganiza kuti korali aliyense ndi wa m'madzi ofunda owala dzuwa.

Mabanja enieniwo akusinthanso. Dongosolo limene ndakuyendetsanimo likuchokera ku ntchito ya T. Wayland Vaughan ndi Wells ya mu 1943 ndi ya Wells ya mu 1956, yodalira chigoba chokha. Mu 1996 Sandra Romano ndi Stephen Palumbi anayerekeza DNA n'kupeza kuti Scleractinia, amene zigoba zake zakale zimayamba kuoneka zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo, anagawika m'nthambi ziwiri zazikulu zotchedwa Complex ndi Robust, zosagwirizana ndi magulu akale. Dendrophylliidae anapezeka kuti ndi banja lenileni, la mbali ya Complex. Caryophylliidae anapezeka kuti ndi thumba losonkhanitsa makorali osiyana makolo amene anangofanana zigoba. Rhizangiidae nayenso wakhudzidwa, moti m'mindandanda yatsopano mupeza Astrangia ali m'banja lakelake la Astrangiidae. Choncho mukapeza genus, lowani pa World Register of Marine Species, imene ambiri amangoti WoRMS, muone dzina ndi banja lovomerezeka lero, ndipo mulembe tsiku limene mwayang'ana. Kuwerenga kwanu kwa tizipupa sikutha ntchito chifukwa cha zimenezi. Amene adzasinthe banja adzafunabe manambala anuwo.

11. Lembani ndi kusunga

Pa kapepala kolimba, ndi pensulo chifukwa inki imafufutika ndi chinyezi, lembani kumene chigoba chinachokera, chaka, chimene chinamerapo, kukula kwa tizikho, nambala ya tizipupa ndi dongosolo lake, khoma, columella, ndi maonekedwe a tsango. Ngati simukudziwa kumene chinatoledwa, lembani kuti malo sakudziwika. Musalembe Mozambique chifukwa choti ndi kufupi. Malo olakwika amasocheretsa aliyense wodzagwira chigobacho pambuyo panu.

Pa dzina, imani pamene umboni waima. "Culicia sp." ndi yankho lathunthu, lotanthauza kuti genus mwaipeza koma mtundu simunautsimikize. Kufika pa mtundu kumafuna kuyerekeza ndi zigoba zosungidwa m'nyumba zosungira zinthu zakale, nthawi zinanso DNA, ndipo mitundu ya Culicia ndi Astrangia imavuta ngakhale kwa odziwa.

Ikani chigoba m'kabokosi kolimba, chogonera pa pepala lofewa lopindidwa. Thonje musaike kumbali ya tizikho, chifukwa ulusi wake umakola m'timano ndipo pochotsa mumathyola. Chinyezi cha nyengo ya dzinja kuno kunsi kwa phiri chimabweretsa nkhungu pa chigoba chimene sichinaume bwino, choncho chiyanikeni mokwanira musanatseke, ndipo kapepala kaja kakhale m'kati mwa bokosi, osati komata pa chivindikiro chimene chingasinthane ndi cha bokosi lina.